Mkamwana Salowa M'khola

Joni, 20 Ogasiti 2000

Wokondedwa Lois,

Landirani moni inu ndi mwana wathu Watipaso. Ndikhulupirira muli bwino nonse, pamodzi ndi adada. Ine kuno ndili bwino, chimfine cha nthawi yozizira chija chinandisiya.

Lero ndakhala ndikukumbukira tsiku la dibi ndili mwana. Inu a ku Ntchisi simunaione Mhuju ya masiku amenewo. Lachiwiri lililonse ng'ombe za midzi yonse yozungulira zinkatsikira ku dibi m'mamawa, fumbi lili kobo, ife ana tikukuwa pambuyo. Adada ankabwera atavala kale malaya oyera a kusukulu, choko chili m'thumba, n'kuima pambali kuti aone zawo zikudumphira m'madzi imodziimodzi. Ng'ombe inkamira yonse, kenaka n'kutulutsa mphuno yokha, ikufwenthera. Fungo la mankhwala linkatikakamira mpaka m'kalasi. Sitinkadziwa kuti mankhwalawo amachokera kunja kwa dziko, kapenanso kuti pali wina amene amawalipirira. Tinkangowaona ngati mvula, yoti nthawi yake ikakwana imabwera.

Chandikumbutsa zimenezi ndi ntchito yanga ino. Ndinakuuzani kuti ndili pachipatala cha ziweto, ndipo si bodza, koma ziweto zake ndi agalu ndi amphaka a anthu olemera. Ndimawasambitsa, ndimawachotsa nkhupakupa, ndimakolopa mogona mwawo. Dokotala wake ndi mayi wachizungu. Akudziwa kuti ndinaphunzira za ziweto ku Bunda, ndipo nthawi zina amandifunsa maganizo atatseka chitseko. Kwa adada muzingoti ndili pachipatala.

Kalatayi ikubwera ndi Thomson, dalaivala wa ku Bolero uja amanyamula katundu wa anthu a kuno. Akupatsani mpope wobereka kumsana, wopopera ziweto, ndi chigubu cha mankhwala ophera nkhupakupa. Mulinso nsapato za Watipaso. Ngati zakula, ayambe wavala ndi masokosi awiri.

Mpopewo ndiwo nkhani yaikulu. Dibi lathu linauma chaka chomwe ntchito yanga ya ulangizi wa ziweto inatha, ndipo mukudziwa kuti mvula yapitayi chigodola chinatiphera ng'ombe zitatu. Matendawa amabwera ndi nkhupakupa, ndipo nkhupakupa zimachuluka udzu ukamera. Zatsala khumi ndi imodzi. M'menemo muli zapagoli ziwiri zimene zimatilimira tonse, mulinso sekondale ya Watipaso. Zikatha zimenezi, ngakhale nditasambitsa agalu onse a mu Joni sindingazibwezeretse. Koma zikamapoperedwa sabata iliyonse kuyambira mvula yoyamba, sizifa. Apa ndiye ndikunena zimene ndikuzidziwa.

Katunduyo musakapereke nokha kwa apongozi anu. Apatseni a Amock, ang'ono awo a adada, popeza ndiwo amaweta ng'ombezo, akafikitse ndiwo.

Ine mwamuna wanu,
Laws

Joni, 8 Okutobala 2000

Wokondedwa Lois,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti muli bwino ndi kuti ana anu a Sitandade 6 ayamba kukumverani. Ine ndili bwino. Nyemba za ku Nchenachena zija zinafika, yewo chomene. Anzanga ogona nawo anandithandiza kudya mosapemphedwa.

Ndaseka ndekha powerenga mmene adada analandirira mpope. Ndachita kuwaona akuutembenuza uku ndi uku, akuyamikira kuti ngolimba, kenaka n'kuuza a Amock kuti akaupachike kudenga. "Mumuuze Laws kuti yewo, koma dibi ndi ntchito ya boma. Ife tinasaina." Ndi iwowo ndithu.

Musawaone ngati ouma mutu. Mukukumbukira mmene anayendera ndi pepala la mpingo lija, lopempha maiko olemera kuti atikhululukire ngongole chaka chino cha 2000. Munthu wa zaka zimenezo kukwera wapansi mpaka ku Nchenachena, kusainitsa Akhristu, osatha kulemba akudinda chala. Kwa iwo, kupopera ng'ombe ndi mankhwala ogula tokha kuli ngati kuvomera kuti pemphero lija silinamveke.

Ine ndinali mu ofesi ku Boma pamene migolo ya mankhwala inayamba kubwera mwa apo ndi apo. Palibe anaba. Dziko linali litakongola kwambiri kunja, ndipo obwereketsawo anati, ngati mukufuna tipitirize kukuthandizani, chepetsani zimene boma limalipirira anthu. Dibi linali m'gulu la zochepetsedwazo, kenaka ifenso alangizi tinatsatira. Onjezerani apo kuti mankhwala timagula ndi dola, ngongolenso timabweza ndi dola. Kwacha ikagwa, ziwirizi zimakwera limodzi. Mwandiuza nokha kuti sopo amene munkagula ndikuchoka, pano mukumudula pakati. Chimene chakudulitsani sopo ndi chomwecho chinaumitsa dibi.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ndikuzimvetsadi zinthuzi, kapena ndangopeza pobisala kuti ndisamadzione ngati munthu wolephera. Anzanga ena a ku Bunda ali pantchito mpaka lero, ngongole yake yomweyi. Koma zimenezo n'zanga. Pa nkhupakupa pokha sindikukayika.

Chitani chonchi. Adada sanaletse, angoti si ntchito yathu. Pemphani a Amock mwakachetechete autsitse mpopewo. Chivindikiro cha chigubu chija chikhale muyezo: chimodzi chodzaza pa mpope wodzaza madzi, ndipo madziwo aziyera ngati mkaka. Azipopera m'makutu, kunsi kwa mchira ndi m'mphechepeche, chifukwa ndimo nkhupakupa zimabisala. Muwagulire fodya wawo kuti mtima ukhale m'malo.

Mu envulopuyi muli marandi pang'ono. Musasinthe onse tsiku limodzi, kwacha ikugwabe. Muyambe mwagula feteleza wa kumunda kwanu mitengo isanasinthenso.

Ndasamuka kumene ndinkakhala. Panachitika tinthu tina pageti, koma zinatha. Makalata muzipatsa Thomson basi, a papositi sangandipeze.

Ine wanu,
Laws

Joni, 26 Novembala 2000

Wokondedwa Lois,

Moni wochuluka. Pepani ndi malungo a Watipaso, ndathokoza Mulungu kuti wadzuka. Ine ndili bwino, kungoti manja asuwa ndi sopo wa agalu. Thomson atandigwira chanza anati, "A Msowoya, digiri yanu ija yayamba kununkha galu." Ndinamuyankha kuti galu wake amagona pa matiresi oposa ake. Tinaseka, koma iye anaseka kwambiri kuposa ine.

Za a Amock sizinandidabwitse kwenikweni, ngakhale zandipweteka. Ndinayenera kuziganizira. Munthu amene wakhala ndi anansi ake moyo wonse sangapopere ng'ombe zake iwo akuyang'ana pampanda. Ndiye chivindikiro chimodzi chinakwanira mipope itatu, makola a eni ake anayi, ndipo malipiro ake anali a m'botolo. Mwati mutawafunsa anati, "Mkamwana, mankhwala a mwana wathu ngamphamvu, angakwanire chigwa chonse cha Henga." Madzi osungunuka choncho, ongooneka ngati a pachitsime, sapha nkhupakupa, Lois. Amangozisambitsa, ndipo zotsalazo zimazolowera mankhwala.

Ndatumiza chigubu china. Chimenechi chikhale m'chipinda chanu, ndipo wopopera mukhale inuyo.

Ndikudziwa chimene mukuganiza. Kwathu mkamwana, mkazi wokwatiwa pamudzi, salowa m'khola la apongozi ake, ndipo inu mwausunga mwambowu kuyambira tsiku limene munafika, ngakhale kwanu kulibe. Amama mpaka kumwalira kwawo sanapondemo m'khola la agogo. Ndalingalira kwambiri, ndipo ndaona kuti mwambowo umanena za khola, sunena za ng'ombe. Ng'ombe zimatuluka m'mawa uliwonse. Pa njira yotsikira kumtsinje, pamtengo wa muwanga paja, mangitsani kampanda kopapatiza ka mitengo, koti ng'ombe izilowa imodzi osatha kutembenuka. A Amock azizilowetsa, inu muzipopera muli kunja. Loweruka m'mawa ndi bwino, popeza kulibe sukulu. Muvale ovolosi yanga ndi majombo ali m'sutikesi, mumange nsalu kukamwa, ndipo mphepo izichokera kumbuyo kwanu.

Ndikulemba molimba mtima, koma ndikudziwa kuti amene adzaime pamuwangapo anthu akuona ndi inu, osati ine. Mwina ndikukutumani kumene ine ndikanaopa kupita. Ngati mwaona kuti n'zosatheka, mundiuze, sindidzakwiya.

Nkhani ina yabwino ndi iyi. Dokotala wandiwonjezera masiku a ntchito, ndipo ndayamba kuika padera ya basi. Ndikufuna mudzabwere kuno patchuthi cha Pasaka, Watipaso adzatsale kwa azakhali ake ku Boma. Pasipoti yanu ija muione ngati sinathe. Zaka ziwiri n'zambiri.

Ine wanu,
Laws

Joni, 29 Disembala 2000

Wokondedwa Lois,

Moni wa Khirisimasi, ngakhale wachedwa. Ndikhulupirira munadya bwino. Ife kuno tinaphika nkhuku ya m'firiji yosakoma kanthu, tinaimba nyimbo za m'buku la kwathu mpaka eni nyumba anagogoda khoma. Thupi lili bwino.

Choyamba ndinene kuti ndimakunyadirani. Masabata atatu mwapopera, ndipo mwati makutu a ng'ombe anayera. Za amayi a Umanyano a kumpingo zisakuvuteni. Amene anati, "NyaNkhoma wavala buluku la mwamuna wake, mawa atilalikira paguwa," ndikumudziwa, ndipo ng'ombe za mwamuna wake zinali m'gulu la zosambitsidwa ndi a Amock. Munamuyankha bwino kuti guwa mulibe nalo ntchito, nkhupakupa sizilapa.

Nkhani ya pawailesi tinaimvanso kuno. Nanenso ndinakondwa, Lois, misozi inalengeza. Si chinthu chaching'ono kuti maiko aja avomere kutichotsera gawo la ngongole. Ndiye sindikudabwa kuti adada anapha tambala, n'kuyenda khomo ndi khomo kuuza anthu kuti zala zawo zija zagwira ntchito. Zagwiradi. Sindikudabwanso kuti anasonkhanitsa madoda kukalambula dibi, kuchotsa matope ndi zitsamba, kuti boma likamabwera ndi migolo lidzapeze pokonzeka.

Chandidetsa nkhawa ndi mawu amene anakutumizirani kudzera mwa a Amock: "Mkamwana apumule tsopano, watithandiza. Boma likubwera." Ndawerenga nyuzi za kuno zonse zimene ndinazipeza. Ngongoleyo sanaifafanize lero. Alonjeza kuti aziichotsa pang'onopang'ono, tikamakwaniritsa zimene atiuza, ndipo zingatenge zaka. Ndalama zopulumukazo akuti zipite kusukulu ndi kuzipatala, zimene n'zabwino, mwina inu mudzaona mabuku. Koma za dibi sindinaone paliponse. Ndipo nkhupakupa za Januwale sizidikira msonkhano wa anthu a kunja.

Musakangane nawo. Mawu a apongozi anu ndi mawu, ndipo ng'ombe n'zawo. Koma zapagoli ziwiri zija zimabwera kumunda kwanu kudzapalira ndi kudzakoka ngolo. Zikafika kumunda kwanu zili m'manja mwanu. Muzizipopera komweko zisanabwerere. Muzipeza chifukwa choziitanitsa sabata iliyonse, ngakhale kutuntha nkhuni. Zinazo tiziyang'ana kaye. Ndikhulupirira kuti ikatha milungu ingapo migolo osaoneka, adada adzafewa okha. Ndi munthu woganiza, anaphunzitsa masamu zaka zambiri.

Shuga ndi mafuta ophikira zili m'katoni. Malaya oyerawo ndi a adada, muwauze kuti ndi a chikondwerero chawo. Ndikunena zoona, si chipongwe.

Masiku ano m'tauni muno akufunsa mapepala kwambiri. Ndimayenda njira yakuseri popita kuntchito. Musade nkhawa.

Ine wanu,
Laws

Joni, 11 Febuluwale 2001

Lois,

Moni. Ndili moyo, ndili bwino. Pepani kuti Januwale yense munangomva zii. Ofunsa mapepala aja anandigwira, ndipo ndinali kwina kumene kunalibe pepala lolembapo. Dokotala wa kuntchito uja anachita zotheka, ndipo ndabwerera pantchito. Ndaonda pang'ono basi. Zina ndidzakuuzani pamaso.

Makalata anu awiri ndawapeza kwa Thomson ndipo ndawawerenga nthawi imodzi. Ndinalakwitsa poganiza kuti adada afewa msanga. Zimene mwafotokoza za nkhunzi, kutupa kunsi kwa makutu, kusadya, maso otuwa, kupuma movutika, ndi chigodola. Ikafika potuluka thovu m'mphuno ndiye kuti yapita. Jakisoni wake alipo koma mtengo wake ngwa ng'ombe ina, ndipo pofika pano wachedwa. Musagulitse kanthu chifukwa cha iyo.

Zofunika ndi zotsalazo. Zonse zipoperedwe sabata ino, ngakhale zooneka zamphamvu. Vuto ndi limene mwalitchula: zodwala sizingayende mpaka pamuwanga, ndipo ana a ng'ombe satuluka m'khola nthawi ya mvula. Nkhupakupa zili m'kholamo, m'mitengo ya mpanda ndi m'makutu mwa anawo. Wina ayenera kulowamo ndi mpope. Manja a adada amanjenjemera, lamba wa mpope sangamumange. A Amock mwawaona kale.

Mwandifunsa kuti muchite chiyani. Monga mlangizi wa ziweto yankho ndili nalo, ndipo mukulidziwa. Monga mwana wa pamudzipo ndilibe mphamvu yokuuzani kuti lowani. Mukalowa, ine kuno palibe adzandiloze chala. Mukapanda kulowa, sindidzakufunsani za ng'ombe ngakhale imodzi, ndikulonjeza.

Mankhwala amene muli nawo akwana mpaka kumapeto kwa Marichi mukasunga muyezo. Mwezi uno sinditumiza ndalama. Ya basi ija sindinaikhudze.

Mumupsompsone Watipaso.

Laws

Joni, 10 Marichi 2001

Wokondedwa Lois,

Moni kwa inu, kwa Watipaso ndi kwa adada. Ndamva kuti mutu unakuvutani mutapopera. Muzimanga nsalu iwiri kukamwa, ndipo mukatha muzisamba ndi sopo musanagwire chakudya. Ine ndayamba kubwerera m'thupi, buluku lasiya kugwa.

Nkhunzi yapita, ndi zazikazi ziwiri. Ndinaika kalata yanu pansi n'kupita kukatsuka zipinda za agalu zimene ndinali nditatsuka kale. Nkhunzi ija ndinaisankha ndine pamsika wa ng'ombe ndili pantchito. Koma zisanu ndi zitatu zili moyo, ana onse ali moyo, ndipo zapagoli sizinadwale n'komwe.

Ndawerenga kangapo pamene mwafotokoza za m'mawa uja. Inu kufika pachipata cha khola mpope uli kumsana, n'kupeza adada ataima pomwepo ndi ndodo yawo. Inu kugwada patali monga mwa nthawi zonse, majombo ali kumapazi. Iwo kukuyang'anani, kuyang'ana ana a ng'ombe, kenaka n'kutembenuka kuyang'ana kumapiri a Nyika, n'kumauza a Amock kuti, "Amock, mvula ija ikuoneka ngati ibwera madzulo." Ndipo anayang'anabe mapiriwo mpaka inu munamaliza khola lonse. Lois, bambo anga ndimawadziwa. Sanaonepo mapiri nthawi yaitali chotero.

Tsopano za msonkhano umene abale aitanitsa. Sindikuupeputsa. Ndikudziwa amene akunena kuti ng'ombe zafa chifukwa mkazi wazigwira, ngakhale nkhunzi inadwala inu musanalowe, ngakhale makola amene simunapondeko afetsa zambiri kuposa ife. Pa maliro a ng'ombe anthu safuna kumva za dola ndi kwacha. Ngongole ya dziko ilibe nkhope, pamene inu amakuonani tsiku lililonse popita kusukulu. Akakuletsani pamsonkhanopo, mvula ikadalipo, udzu ngwautali, ndipo zotsalazo zidzatsatira nkhunzi.

Ndawalembera adada kalata yawoyawo m'Chitumbuka, Thomson akawapatsa m'manja. Aka n'koyamba kuwalembera chichokereni. Sindinawaphunzitse za ngongole, atopa nazo nzeru zanga. Ndangowauza kuti amene anakutumani ndine, ndipo ngati pali mlandu, mbuzi yake ndilipira ine. Sindikudziwa ngati zithandize. Pamaso pawo ndimakhalabe mwana wa Sitandade 4 amene walephera samu pabolodi.

Pamsonkhanopo musadziteteze kwambiri. Akakufunsani, nenani zimene munaona m'makutu mwa ana a ng'ombe, basi. Muvale chitenje cha Umanyano.

Mwati dibi lolambulidwa lija ladzaza madzi a mvula ndipo achule akuimbamo. Musawauze adada kuti mwandiuza.

Ine wanu,
Laws

Joni, 1 Epulo 2001

Wokondedwa Lois,

Moni, mwini ng'ombe. Ndikhulupirira mwadzuka bwino nonse. Ine ndili bwino kwambiri lero, kuposa masiku onse chifikireni kuno.

Thomson sanadikire kuti nditsegule kalata yanu. Anayamba kufotokoza ali pawindo la galimoto, popeza akuti nkhaniyi yafika mpaka ku Bolero. Koma ndakonda mmene mwailembera inu. Abale atalankhula onse, wina mpaka kutchula agogo amene anamanga kholalo, adada n'kuimirira ndi malaya oyera aja. "Enya, mwambo ukuti mkamwana asalowe m'khola la apongozi ake. Ndaumva, ndipo sindikuuthyola. Koma ndani analetsapo munthu kukaona ng'ombe yake? Thole lalikazi lija, mwana wa ng'ombe yofiira, kuyambira lero ndi la NyaNkhoma. Ali ndi chake m'kholamo." Kenaka a Amock: "Nanga ine ndalowa m'kholamo zaka zonsezi, thole langa lili kuti?" Adada: "Lako unamwa." Ndaseka mpaka agalu onse m'chipatala anayamba kuuwa.

Mwati za kalata yanga sanatchule. Zili bwino. Sindikuganiza kuti ndi imene inawatembenuza. Iwo anali ataganiza kale tsiku lija ankayang'ana mapiri. Mwatinso Lachiwiri lililonse akupitabe kukasesa ku dibi. Asiyeni azisesa. Mwina tsiku lina migolo idzabweradi, ine sindingalumbire kuti ayi. Chachikulu n'chakuti Loweruka chipata cha khola amakutsegulirani okha.

Mwafunsa mafunso awiri, ndipo ndaona kuti ndi funso limodzi. Kodi mulandire tholelo? Nanga ulendo wa Pasaka?

Landirani. Mupite ndi nkhuku kwa apongozi anu mukathokoze monga amachitira kwathu, azakhali a Watipaso akuperekezeni. Adada sanakupatseni mphatso chabe. Aika dzina lawo pakati pa inu ndi pakamwa pa anthu, pamaso pa abale awo onse. Mukachoka patangotha sabata ziwiri, n'kusiya mpope m'manja mwa a Amock, ndiye kuti tawavula. Ndipo nkhupakupa sizichepa mpaka udzu utauma mu Meyi kapena Juni. Ulendo wa kuno, kupita ndi kubwera, ungadye Loweruka atatu. Ndayesa kuwerengera mwa njira zonse kuti mwina zitheke, ndipo ndine amene ndinaphunzira zimenezi, ndikudziwa kuti sizitheka.

Choncho musabwere pa Pasaka.

Ndalemba mzere umenewo n'kukhala kaye. Ndinali nditapempha kale anzanga ogona nawo kuti adzasamukire kwa anzawo sabata imeneyo. Ndinagula makatani. Musaseke, ndi obiriwira, ndipo sakukwana pawindo.

Ya basi ija ndagulira zigubu ziwiri zazikulu, zili kale m'galimoto ya Thomson. Kuno mtengo wake sunasinthe, pamene mwati ku Mzuzu wakweranso. Chimodzi n'cha khola lathu, chikufikitsani mvula ikubwerayi. Chinacho muone nokha. Mwanena kuti amayi atatu, kuphatikizapo wa guwa uja, abwera kudzafunsa ngati mungawapoperere. Ngati mukufuna, azisonkha kangachepe koti mudzagulire china chikatha, ndipo ng'ombe zawo azibweretsa pamuwanga. Ngati n'zolemetsa pamodzi ndi sukulu, akanizeni. Pa zimenezi sindikutumaninso. Inu ndi amene mukuziona ng'ombezo, ine ndikungoziganizira.

Za mu Januwale zija ndinazisungira Pasaka. Zidikira. Si zoopsa monga mukuganizira, kungoti sizikwana papepala.

Mukalemba mundiuze za thole lanulo. Ndinachoka mayi wake asanatenge bere, ndiye sindikulidziwa. Ndi lofiira ngati mayi wake? Nyanga zayamba? Limakulolani kuligwira m'makutu? Dzina mulipatse nokha, koma Watipaso asalitche Joni.

Thomson akuliza hutala, akuti waima poletsedwa ndipo akamulipiritsa ndilipira ine. Ndapinda mapepalawa, ndikukamupatsira pawindo.

Ine mwamuna wanu,
Laws